Kodi Dzenje la Kuseri kwa Nyumba Liri la Yani?

Mwezi uno tibwera kwa inu ndi nkhani imene anthu aulemu sakonda kuitchula pamaso pa apongozi, kapena pa nthawi ya chakudya. Ndipo tipempha kuti mutilole. Tifuna kunena za dzenje lija liri kuseri kwa nyumba, kumene zipita zonse zochokera m'chimbudzi. Kapena wina adzati, Kodi nkhani zabwino zatha, kuti aphunzitsi ayambe kulemba za zonyansa? Iai, sizinathe. Koma taona kuti mafunso akulu a makhalidwe a munthu akonda kubisala m'malo onyozeka, ndipo funso lathu ndi ili: chinthu chimene chiri pa malo anga, chimene ndinachilandira kwa atate wanga, chimene palibe munthu achiona, chikaonongeka, kodi ndiri mfulu kuchikonza kapena kuchileka monga ndifuna ndekha?

Kuno ku Mpamba, pa mseu wochokera ku Nkhata Bay kunka ku Mzuzu, iripo nyumba ina ya njerwa ndi malata, imene anaimanga mkulu wina atabwera ku ulendo. Monga Atonga ambiri a masiku aja, iye anakhala zaka zambiri ku Harare pa ntchito, ndipo pobwera anafuna kuti kwao kukhale zimene anaziona kumeneko. Chotero anamanga chimbudzi cha madzi m'kati mwa nyumba, nakumbitsa thanki yache pansi pa nthaka kuseri. Ndipo anthu anadza kudzaona, nazizwa. Mkuluyo anatisiya kale lomwe, ndi nyumba inatsala m'manja mwa mwana wache, amene tsopano nayenso ali ndi imvi. Sititchula dzina lache, pakuti ali mnansi wathu, ndiponso nkhani yache ikhoza kukhala ya yense wa ife.

Chaka china, mvula ya Epulo iri m'kati, pakuti kuno mvula ichedwa kuleka, nthaka ya kuseri kwa nyumbayo inayamba kuchita zii ndi chinyontho, ndi fungo linamveka madzulo. Mwini nyumba anati, Ndi mvula chabe. Koma chirimwe chitafika, udzu wonse utauma, panatsala malo amodzi obiriwira pafupi ndi thanki, monga ngati munthu alikuwathirira usiku. Ndipo kumunsi kwa malowo, potsetsereka pang'ono, pali chitsime chosaya chimene atungapo mabanja angapo, ndi pambali pache maenje amene amai avikamo chinangwa cha kondowole. Tsiku lina gogo wina wotunga pamenepo anadza, nakhala pansi pa khonde, napereka moni, ndipo atakamba za kudwala ndi za mphepo, anati, "Ada, madzi a m'chitsime asintha fungo. Sindinena kuti ndinu. Ndingoti mukaone kuseri kwanu."

Madzulo ache mwini nyumba anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi anzache atatu, nawafotokozera mau a gogo uja. Ndipo yense anampatsa uphungu wache. Woyamba anati, "Ada, malo ndi anu, dzenje ndi lanu, amene sakondwa ndi madzi akatunge kwina." Wachiwiri anati, "Zoonadi chinthu chaonongeka. Koma inu ndinu munthu wa sukulu, mwagwira cholembera moyo wanu wonse. Kodi mudzagwira zonyansa adzukulu alikuona? Dikirani kufikira mutapeza ndalama zoitanira amisiri a ku Mzuzu." Wachitatu anaseka, nati, "Ndalama za chiani? Muli nao manja awiri. Mawa m'mamawa tsegulani, tsikiranimo ndi makwerero, mumate ming'alu ndi simenti, basi." Mayankho atatu awa tawamva kawiri kawiri, pa zinthu zambiri zoposa chimbudzi, ndipo tifuna kuwayesa limodzi limodzi. Koma tiyambe tadziwa chinthucho m'mene chigwirira ntchito, pakuti saweruza mlandu wa munda asanauone mundawo.

Thanki imeneyi, imene amisiri aicha sepitiki, anayamba kuimanga munthu wa ku France, Jean-Louis Mouras, cha m'ma 1860, ndipo m'chaka cha 1881 boma la kwao linalemba kuti lusolo liri lache. Iri chipinda cha njerwa ndi simenti pansi pa nthaka, kawiri kawiri chogawika pawiri ndi khoma la pakati. Zochokera m'chimbudzi zikalowamo, zolemera zimira nizikhala matope a pansi. Zamafuta ndi zopepuka ziyandama nizigwirana pamwamba ngati nkhoko. Ndipo pakati patsala madzi. Tizirombo tosaoneka ndi maso, tokhala ndi moyo kumene kulibe mpweya wabwino, tidya matopewo pang'ono pang'ono ndi kuwachepsa, koma sitiwatha onse. Madzi a pakati aja atuluka pa paipi yopindikira pansi, nanka ku dzenje lachiwiri lodzala ndi miyala, ndipo m'menemo alowerera m'nthaka.

Tsono taonani chimene ambiri sachidziwa: madzi otuluka m'thanki sali oyera. Thanki ingopatula, chosefa cheni cheni ndiyo nthaka youma imene madziwo apyola pang'ono pang'ono asanakomane ndi madzi a pansi. Chifukwa chache odziwa za umoyo alangiza kuti dzenje lotere litalikire chitsime mamita 30, likhale kumunsi kwache, ndiponso kuti pakati pa matako a dzenje ndi madzi a m'nthaka pakhale dothi la mita imodzi ndi theka. Kumene kuli mchenga wokhakhala, monga m'mbali mwa nyanja ku Chintheche ndi ku Kande, kapena kumene madzi akwera kufupi ndi udzu nthawi ya dzinja, monga m'mphepete mwa dambo la Limphasa, chosefa chimenechi chiri chopyapyala ndithu. Ndipo thanki ikang'aluka m'khoma, zonyansa zilambalala njira yonse imene mmisiri anaikonza, nizidzipezera njira yao.

Tibwere tsopano kwa mnzathu woyamba, amene anati, Malo ndi anu. Pamwamba pa nthaka mau awa ali oona: amfumu anaponda malire, mboni zinaona, ndi palibe angalime mzere umodzi kupitirira mpanda. Koma madzi a pansi sanamve mau a amfumu. Iwo atsata kutsetsereka kwa dziko. A kuseri kwa nyumba yanga alowa m'chitsime cha mnansi, a m'khwawa alowa mu Limphasa, a mu Limphasa alowa mu Luweya, ndi a mu Luweya afika kunyanja kumene ana asamba ndi amai atsuka mbale. Mbuzi yanga ikalowa m'munda wa mnzanga, sindinena pa bwalo kuti, Mbuzi ndi yanga, ichite chimene ifuna. Ndilipa, ndi aliyense avomera kuti nkoyenera. Kusiyana kwache nkumodzi kokha: mbuzi ioneka, ndipo mwini munda akhoza kuigwira, koma chotuluka m'thanki chiyenda mumdima, chopanda chizindikiro cha mwini wache. Kodi mlandu uchepa chifukwa palibe mboni?

Kuti tione kukula kwache kwa chinthu ichi, tikumbuke zimene zinachitika ku London m'chaka cha 1854. Kumapeto kwa Ogasiti nthenda ya kolera inagwa pa anthu okhala pafupi ndi mseu wochedwa Broad Street, ndipo m'masiku khumi anafa anthu oposa 500. Pa nthawiyo ophunzira ambiri anakhulupira kuti nthendayi iyenda m'fungo loipa. Koma sing'anga wina, John Snow, anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene akufawo ankatunga madzi, napeza kuti pafupifupi onse ankamwa a pa mjigo umodzi wa mumseuwo. Ndipo pa 8 Sepitembala akulu a mudzi anachotsa chogwirira cha mjigowo. Mbusa wina wachinyamata wa komweko, Henry Whitehead, poyamba sanakhulupira mau a Snow, nayamba kufunsa yekha kuti amtsutse. M'malo mwache anapeza kuti pa nyumba ya nambala 40 khanda linadwala nthendayo isanafalikire, ndi kuti amache ankataya madzi ochapira matewera m'dzenje la zonyansa la pakhomopo. Pamene anakumba m'chaka cha 1855, anaona kuti njerwa za dzenjelo zinafumbwa, ndi kuti kuchokera pamenepo kufika pa khoma la chitsime sipanakwane ndi mita imodzi yomwe. Dzenje limodzi lakale, losakonzedwa, la nyumba imodzi.

Ndipo tisayese kuti iyi iri mbiri ya kutali. M'mwezi wa Malichi 2022 kolera inayamba ku Machinga, dziko litamizidwa ndi anamondwe. Mu Ogasiti inafika m'boma lathu lino la Nkhata Bay, ndi pa 5 Disembala boma linalengeza kuti yakhala ngozi ya mtundu wonse. Pofika pakati pa 2023 anali atadwala anthu oposa 58,000, ndi oposa 1,700 anali atamwalira. Sikunakhale mliri wa kolera wotere chiyambire m'dziko lathu. Sitinena kuti imfa zimenezi zinachokera m'thanki ya munthu wakuti wakuti. Zifukwa zinali zambiri, ndi umphawi unali pakati pa izo. Koma njira ya nthendayi iri yomweyo ku London ndi ku Mpamba: chotuluka mwa munthu mmodzi chilowa m'kamwa mwa wina. Yense amene atseka njira imeneyi pakhomo pache wachita gawo lache.

Pano tiyenera kunena mwachilungamo. Mai uja wa ku Broad Street analibe mlandu, pakuti sanadziwa, ndi anzeru a m'dziko lache sanadziwenso. Mnansi wathu nayenso analibe mlandu pamene thanki inang'aluka. Njerwa zikalamba monga anthu akalamba. Koma kuyambira tsiku lija gogo anakhala pa khonde lache, zinthu zinasintha. Munthu akadziwa, sangabwererenso ku kusadziwa. Ndipo tsiku liri lonse limene aleka chinthu chiri chomwecho, asankha kuti ana a mnzache amwe. Chifukwa chache uphungu woyamba tiukana. Ufulu wa mwini ulekeza pamene chinthu chache chiyamba kulowa mumtsuko wa mnzache.

Uphungu wachiwiri uli wofatsa, ndipo ndiwo utinyenga ife ophunzira koposa. Uvomera kuti chinthu chaipa, koma uti, Ntchitoyi siyenera inu, dikirani. Kodi manyazi amenewa tinawatenga kuti? Sitinawatenga ku sukulu zoyamba za dziko lino. Robert Laws, amene anakhazika sukulu ku Bandawe m'chaka cha 1881, nasamukira ku Khondowe m'chaka cha 1894, anafuna kuti pa sukulu yache yaikuru paphunzitsidwe kupala matabwa, kumanga ndi kusindikiza mabuku pamodzi ndi kuwerenga. Ndipo ambiri a makolo athu anatuluka kumeneko odziwa cholembera ndi nyundo yomwe. Manyazi tinawatola panjira, pamene tinayamba kuyesa kuti malaya oyera ndiwo ulemu. Akulu anati, Walira mvula walira matope. Amene akondwa ndi chimbudzi cha m'nyumba, osatuluka kunja usiku pa mvula, walandiranso thanki yache ndi zonse ziri m'menemo.

Ndiponso tilingalire ichi. Ngati ntchitoyi iri yochititsa manyazi, nanga munthu uja tidzamlipa kuti aigwire ali yani? Tiitana wosauka, timpatsa ndalama pang'ono, ndi pamene watha sitifuna kumpatsa moni wa padzanja, kapena kumwetsa m'chikho chathu; ndipo ana athu aphunzira kumcha maina. Kodi wonyansa ndani, iye amene achotsa zonyansa, kapena iye amene azisunga kuseri kwache zaka zisanu podikira ndalama? Kuitana mmisiri sikulakwa. Pali ntchito zina zimene ziyenera iye yekha, monga tidzaona. Kulakwa kuli m'mau aja akuti dikirani, pakuti pa masiku onse akudikira chitsime chirikumwa. Uphungu wachiwiri uli uphungu woyamba womwe, wangobvala jekete.

Nanga mwini nyumba akhoza kuchita chiani ndi manja ache? Zambiri ndithu, ndi zonsezo ataima pamwamba. Asankhe nyengo ya chirimwe, Sepitembala kapena Okutobala, pamene madzi a m'nthaka atsika. Atsegule zivundikiro, ana ali kutali, napatuke kuti mpweya woipa uyambe watuluka. Pamenepo ayang'ane pamene madzi alekeza. Akakhala pansi pa kamwa la paipi yotulukira, ndiye kuti thanki irikudontha m'khoma kapena pansi. Akakhala pamwamba pache, ndiye kuti paipi yatsekeka, kapena dzenje la miyala laleka kumwa. Atenge nsungwi yaitali, aikulunge nsanza yoyera, aimize kufikira pansi. Poitulutsa, kuda kwa nsanza kudzamuuza kuya kwa matope, ndipo akafika gawo limodzi la magawo atatu, nthawi yopopa yakwana. Ayang'anenso paipi yopindika ija. Ikathyoka, nkhoko ya pamwamba ipita ku dzenje la miyala niimata mipata yonse, ndipo paipi yatsopano iri ya mtengo wochepa poyerekeza ndi dzenje latsopano. Mizu ya mango ndi ya bulugamu ikonda kulowa polumikizira mapaipi. Aidule, naike paipi ina.

Ming'alu ya m'khoma aifikire chakunja. Thanki itapopedwa, akumbe m'mbali mwache, mbali imodzi pa nthawi imodzi, kuti khoma lisagwe. Agobe mng'alu ndi kuutsuka, aunyowetse, naumate ndi muyeso umodzi wa simenti pa miyeso itatu ya mchenga wopanda dothi. Authirire madzi masiku asanu ndi awiri asanakwirire, ndi pokwirira atsindire dothi la makande. Dzenje la miyala likafa, kulitsuka kuli kutaya mphamvu. Akumbe lina pa malo oyenera, kutali ndi chitsime. Madzi a padenga awapatutse ndi ngalande, kuti asadzaze thanki. Chivundikiro chikakhala chong'aluka, ndi zitsulo zache zadyeka ndi dzimbiri, aumbe china msanga, pakuti chivundikiro chofooka chiri msampha wa ana. Ndipo kuyambira pamenepo a m'nyumba aleke kuponyamo nsanza, zitsononkho ndi mapulasitiki, kapena kuthiramo parafini ndi mafuta akutha a galimoto, zimene zipha tizirombo tothandiza tija.

Koma wina adzati, Mulankhula ngati simenti igwa kumwamba. Nanga ine ndiribe ndalama ya thumba limodzi? Funso ili liri loona, ndipo sitilipeputsa. Palibe munthu afunsidwa chimene sangathe. Koma chiripo chinthu chimodzi chimene wosauka yense akhoza: kutseka chimbudzi cha m'nyumba, ndi kukumba cha panja pa malo abwino, chokhala ndi chotsekera pa bowo ndi phulusa pambali, kufikira tsiku limene adzatha kukonza thanki. Ichi chifuna khasu lokha. Koma chifunanso kudzichepetsa, pakuti anthu adzaona kuti a nyumba ya malata abwerera ku chimbudzi chokumba. Tiyesa kuti ambiri a ife chotilemera si mtengo wa simenti. Chotilemera ndicho maso a anthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: nyumba yopaka laimu kumaso, yodontha kuseri, siiri nyumba ya ulemu.

Tatsala ndi mnzathu wachitatu, wa manja awiri. Iye timkonda koposa enawo, pakuti alibe ulesi kapena manyazi. Koma uphungu wache ndiwo ukadapha munthu tsiku lomwelo. M'thanki yotere mukhala mipweya yochokera m'zoola. Wina uyaka moto, chotero fodya, machesi kapena nyali siziyenera kufika pakamwa pa thanki. Wina ununkha ngati dzira loola ukakhala wochepa, koma ukachuluka upha mphuno poyamba, kuti munthu ayesa kuti fungo latha. Ulemera koposa mpweya wabwino, nukhala pansi pomwe munthu wotsika adzaika mutu wache, ndipo akhoza kukomoka atapuma kangapo kokha. Thanki yopopedwa kale iri yoopsa chimodzimodzi. Ndipo chomvetsa chisoni m'ngozi zotere, m'maiko onse, ndi ichi: woyamba akagwa, mbale wache atsika kukamtenga, nagwa iyenso, ndi wachitatu atsata, maliro amodzi asanduka atatu. Chifukwa chache tinena molimba: mwini nyumba asalowe m'thanki, ngakhale kulowetsamo mutu, ntchito ya m'kati iri ya iwo okha amene anaiphunzira, okhala ndi zipangizo zache.

Pamenepa tiphunzira kuti kudzidalira kuli ndi malire ache. Munthu amene ati, Ndichita ndekha, sindifunsa munthu, ayesa kuti aika moyo wache wokha pa chiswe. Koma moyo wache suli wache yekha, monganso dzenje siliri lache yekha. Ali ndi mkazi, ali ndi ana, ali ndi mbale amene adzatsika pambuyo pache. Safunsa anadya phula. Alangizi a za umoyo ali pakati pathu, ndi kuwafunsa sikulipira. Mmisiri wokalamba wa m'mudzi akhoza kuona m'kamphindi chimene ife sitingachione tsiku lonse.

Wachitatu yemweyo aiwalanso funso lina: matope otuluka m'thanki adzanka kuti? Tamva za anthu amene adikira usiku wa mvula yaikuru, natsegulira zonse m'ngalande kuti madzi apite nazo. Wotere wakonza pakhomo pache ndi kuthira mlandu wache pa mudzi wonse wa kumunsi. Kumene galimoto yopopa ikhoza kufika, ndi ndalama ziripo, aiitane. Kumene siingafike, akumbe ngalande yakuya kutali ndi chitsime ndi mtsinje, atunge ataima pamwamba ndi ndowa ya pa mtengo wautali, atabvala majombo ndi zotchinga manja. Athire laimu kapena phulusa, nakwirire ndi dothi lambiri tsiku lomwelo, kuti ntchentche, nkhumba ndi ana asafike. Ndi pomaliza asambe ndi sopo, natsuke zipangizo kutali ndi potunga. Patapita chaka kapena ziwiri, pamenepo pamera mtengo wa zipatso wokondweretsa.

Kodi mnansi wathu anachita chiani? Anakhala masiku atatu osanena kanthu. Tsiku lachinai anapita kwa gogo uja, nati, "Ama, mwanena zoona, uzani anzanu aphitse madzi akumwa kufikira nditatha." Anatseka chimbudzi cha m'nyumba, nakumba cha panja. Anaitana mlangizi wa za umoyo, amene anayesa mtunda ndi mapazi, nampeza kuti dzenje la miyala liri pafupi ndi chitsime koposa muyeso. Pakuti pamene atate wache analikumba, chitsimecho kunalibe. Anagulitsa mbuzi, nagula simenti ndi paipi. Ndipo pamene anayamba kukumba dzenje latsopano, anyamata a mabanja otunga pa chitsime anadza ndi makasu ao osaitanidwa, ndi amai anatuta miyala pamutu. Wa uphungu wachitatu anagwira ntchito koposa onse, ataima pamwamba. Wa uphungu woyamba anadutsa pamseu kawiri, napenya kumbali.

Ichi chitiphunzitsa mbali yotsala ya yankho lathu. Ngati dzenje la mnzanga lifika m'mtsuko wanga, ndiye kuti kulikonza kuli ntchito yanganso. Mwini ndiye ayamba, pakuti udindo uli wache. Koma anansi amene angoima patali ndi kuloza chala alibe chifukwa cha kudzitama. Mnzako akapsa ndevu mzimire. Ndipo tisaiwale nzeru ya gogo uja, amene sanapita ku bwalo kapena kunena pa chitsime anthu ali gulu. Anadza yekha, nakhala pansi, nasiyira munthu mpata wakuti akonze ulemu wache uli wosasweka. Akadamchititsa manyazi pagulu, kapena mwini nyumba akadaumitsa khosi, natsata uphungu woyamba kufikira lero.

Tsono tibwerere ku funso lathu. Dzenje la kuseri kwa nyumba liri langa pa kulisamala, ndi liri la mudzi wonse pa zotuluka zache. Sindiri mfulu kulileka. Sindiri wamkuru kwakuti sindingaligwire. Ndiponso sindiri wanzeru kwakuti sindingafunse. Ntchito imeneyi iribe mphotho yooneka. Munthu akamanga khonde latsopano, odutsa aima nayamika. Koma akamata khoma la thanki, alikwirira ndi dothi, ndi palibe adzaliona. Mwana amene sanadwala sadziwa kuti anapulumuka, ndi amache sadzabwera kudzathokoza. Ife tiyesa kuti makhalidwe a munthu ayesedwa bwino pa ntchito zotere, zimene azichita bwino podziwa kuti adzazikwirira.

Chifukwa chache, abale, mvula isanagwe, yense wa ife azungulire kuseri kwa nyumba yache, kaya ali ndi thanki ya simenti, kaya ali ndi chimbudzi chokumba. Aone ngati nthaka yatitimira, ngati udzu wabiriwira pa nyengo yosayenera, ngati chivundikiro chagwedera. Ndipo awerenge mapazi kuchokera pamenepo kufikira potunga madzi anansi ache. Akapeza kanthu, asadikire kuti gogo adzakhale pa khonde lache.